Galimoto yokana sipanala si yanu

Pali kamtopola kena kamene inu anzathu a m'tauni mwakazolowera, ndipo lero ndati ndikayankhe. Mukamadutsa kuno ku Domasi pa msewu wa M3 ndi tigalimoto tanu tonyezimira, magalasi otseka, ulendo wa ku Mangochi kukadya chambo, mukangoona pikiapu yakale itasenza matumba a mpunga ikuyenda mwakachetechete cha pa Songani, mumayamba kulozerana. Wina amati, "Chiphaphachi chikufunanji pamsewu?" Wina amati apolisi akugona, zoterezi n'zofunika kuzilanda. Wina amatulutsa foni n'kujambula kuti akaseketse anzake ku ofesi Lolemba. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma ndikufunseni: galimoto mwakwerayo itati yazima pomwepo, dzuwa litapendeka, mungaitani?

Yankho ndikulidziwa. Mutsika, mutsegula boneti monga achitira amuna onse, muona chivindikiro chachikulu cha pulasitiki chitaphimba injini yonse, mugwedeza mutu ngati mwamvetsa kanthu, kenaka mutseka. Muimba foni ku Blantyre. Mudikira galimoto yodzakukokani, ndipo mtengo wa kukokako pawokha ndi malipiro a mwezi a munthu wina. Pamene mwini chiphapha uja, yake ikazima, amangopisa dzanja pansi pa mpando, kutulutsa sipanala ziwiri ndi kawaya, kuyamwa paipi ya mafuta, kulavula, kupukuta mapulagi pa thalauza, basi wapita.

Mfundo yanga ndi imodzi yokha, ndipo sindiibisa. Galimoto imene singakonzedwe kumene yafera si yanu. Mapepala ali m'dzina lanu, msonkho mwalipira ndinu, inshuwalansi mwadula ndinu, koma mwini wake weniweni ndi munthu amene ali ndi kompyuta yoyankhula nayo. Inu mwangobwereka.

Kuti timvane, muyambe mwadziwa ntchito ya galimoto kuno. Chigwa cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo mtsinje wake umatsika kukathira m'nyanja ya Chilwa. Phula alipo, inde, wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde. Koma anthu sakhala pa phula. Ukangopatuka kulowera kumapiri, msewu ndi wa miyala ndi zigwembe zokumbidwa ndi madzi otsika m'phiri. Ukapatukira kummawa, kumunsi kolowera ku Chilwa, m'chilimwe ndi fumbi lolowa paliponse, m'dzinja ndi matope onata ngati phala la mtondo. Galimoto kuno imanyamula feteleza, malata, mpunga, matemba ndi milamba yowamba, njerwa, gulu la kwaya, ndi maliro. Imadzutsidwa usiku mayi akayamba kudwala kuti athamangire naye ku chipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba. Usiku wotero palibe amene amafunsa ngati mipando ili ya chikopa. Funso limakhala lakuti, ilira? Ndipo ikapanda kulira, alipo pamudzi pano angaidzutse?

Akale athu ankalidziwa funso limeneli, ndipo opanga galimoto a nthawi imeneyo nawonso ankalidziwa. Tatengani Peugeot 404, imene tonse timangoti Pijo. Inatuluka m'chaka cha 1960. Ku France anasiya kuipanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, chifukwa anthu a kuno ku Africa ankaifunabe. Mpikisano woopsa uja wa East African Safari, wodutsa m'matope ndi m'fumbi, 404 inaupambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mng'ono wake, 504, anabadwa mu 1968, nayenso anapambana Safari mu 1975, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anali akumupangabe chaka cha 2000 chitadutsa. Mukuganiza kuti anthu ankagula chifukwa chosowa nzeru? Ayi. Galimoto imeneyi mimba yake inali kutali ndi nthaka, masipuling'i ake ankameza mabampu ngati sakuwaona, ndipo injini yake munthu wophunzira sabata zingapo ankatha kuiphwasula n'kuibwezera.

Nanga ka Datsun ka pikiapu kaja? Ku South Africa kanapangidwa kuchokera mu 1971 mpaka 2008, poyamba ngati Datsun 1200, kenaka ngati Nissan 1400, zaka 37 mawonekedwe osasintha kwenikweni. Abale athu ochokera ku Joni ankabwera nako katasenza katundu mpaka kumwamba, njinga pamwamba penipeni. Citi Golf anaipanga komweko kuyambira 1984 mpaka 2009. Land Rover, imene inkadzaza Zomba masiku amene likulu la dziko linali kuno, chisanafike chaka cha 1975, inali galimoto yomanga ndi mabawuti, yoti chitseko chikapindika umachimasula n'kuchiwongola ndi hamala. Inali ndi matenda ake, inkadontha oilo ngati mwana wa chimfine, koma matenda ake anali odziwika mudzi wonse.

Apa ndiye pagona nkhani: matenda odziwika. Injini yakale ya petulo imafuna zinthu zitatu basi: mafuta, mpweya ndi moto. Mafuta amakokedwa ndi kapampu koyendetsedwa ndi injini yomwe, n'kufika mu kabyuleta, mmene amasakanikirana ndi mpweya. Moto umachokera ku batire, kudzera mu koilo, n'kugawidwa ku mapulagi ndi disitibyuta. Ikazima, umafunsa mafunso atatu omwewo, ndipo mayankho ake umawaona ndi maso, umawanunkhiza, umawamva ndi khutu. Mafuta sakufika? Masula paipi uone. Moto palibe? Gunditsa waya ku chitsulo uone ngati ukuthetheka. Kabyuleta yatsekeka ndi zinyalala? Imasule, itsuke ndi petulo m'chitini, uzira ndi pakamwa. Batire yafooka? Itanani anyamata anayi, giya yachiwiri, kankhani, siyani kilatchi, yalira. Ya dizilo yakale ndiye inali yosavutanso kuposa pamenepa: ikangolira, magetsi sinkawafunanso.

Palibe chamatsenga pamenepa, ndipo n'chifukwa chake luso limeneli linafalikira. Mnyamata wolephera mayeso a sitandade 8 ankayamba ndi kutsuka masipanala kwa amalume ake pansi pa mtengo wa mango, chaka chachitatu akumasula giyabokosi yekha. Pa Songani, pa Chinamwali, ku Ndirande, ku Limbe, amakaniko otere alipo mpaka lero. Gasiketi amadula pa katoni. Bushi amasema pa tayala lakutha. Ekizozi amawotcherera. Ladiyeta yodontha amaimata. Inu mumati n'zachikale. Ine ndimati ndi ndalama yotsala m'dziko muno, yodyetsa banja la ku Zomba m'malo mopita kunja.

Tsopano tiyeni ku zamakonozi.

Choyamba, opanga ake anaganiza zoti dziko lonse ndi losalala ngati tebulo. Mimba ya galimoto ili chikhatho chimodzi kuchokera pansi. Bampala ndi ya pulasitiki, yogwidwa ndi timapini, ndipo ikangopsompsona mwala umodzi wa pa msewu wokwera kumishoni imayamba kulendewera ngati mlomo wa mwana wolira. Matayala ndi opyapyala, ati kuti azioneka bwino, moti dzenje limodzi lokha latupitsa tayala n'kupinda limu. Ndiye mukatsegula kumbuyo kufuna tayala la sipeya, zina mumapezamo kabotolo ka mankhwala omata ndi kapampu ka magetsi. Kabotolo! Tayala lang'ambika m'mbali ndi mwala wakuthwa, inu mukuthira kabotolo. Amene anaganiza zimenezi sanagonepo m'galimoto pakati pa tchire.

Nyali yakutsogolo kale inali babu la mtengo wa botolo la fanta, losintha ndi zala ziwiri. Lero pa galimoto zambiri ikafa, umagula chinyali chonse, ndipo kuti uchichotse uyambe wamasula bampala. Giya kale inali ya dzanja, yolira ikamadwala, yokupatsa miyezi yokonzekera. Lero tadzaziridwa ndi magiyabokosi otchedwa CVT, amene m'kati mwake mulibe magiya a mano koma lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Amafuna oilo wakewake, ndipo wina akangothiramo wa mtundu wina, kaya mwaumbuli kaya pofuna kupulumutsa ndalama, mwatha. Akatenthedwa ndi katundu pa chitunda amayamba kuterereka. Akafa, makaniko ambiri sayesa n'komwe kutsegula. Amangokuuzani kuti, "Bwana, pezani ina." Ina yake ndi yochotsa pa galimoto inzake ya ngozi, imene simukudziwa kuti yatsala ndi masiku angati. Ndipo galimoto yotereyi batire ikafooka, anyamata anayi aja angobwerera, siikankhika.

Kiyi nayenso walowa sukulu. Kale kiyi akatayika unkapita kwa osula makiyi mumsika, chakudya chamasana chisanapse wabwerako. Lero m'kiyi muli kachipangizo koyankhulana ndi kompyuta ya galimoto, ndipo akatayika, kaya wagwera m'madzi powoloka mtsinje, galimoto yanu yomwe imakukanani ngati mbala. Kuti ikuzindikireninso, muitanitse katswiri wa laputopu kuchokera m'tauni, mumulipirire ulendo wobwera ndi wobwerera.

Ndiye pali masensa. Sensa ya mpweya, sensa ya utsi, sensa ya kuzungulira kwa injini, sensa ya tayala lililonse. Kamodzi kakangonama, kompyuta imakhulupirira bodzalo, n'kuyatsa kanyali kachikasu, n'kuifoola galimoto kuti iziyenda ngati nkhalamba. Injini ili bwinobwino, mafuta alimo, moto ulipo, koma kachinthu kochepa ngati chala kanena kuti ayi. Fumbi lathu ndi madzi athu ndiwo adani a timasensa timeneti. Mafuta athu nawonso. Amene anali ndi galimoto mu 2011 ndi 2012, komanso pa mavuto a mafuta amene anabweranso kuyambira 2022, akudziwa zimene zimachitika mizere ikatalika pa mafilingisteshoni: munthu umagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, osadziwa kuti asakanizamo chiyani. Kabyuleta imatsokomola, n'kumeza, ikakanika umaitsuka. Mainjekita a makono, makamaka a dizilo amene amapopa mafuta mwamphamvu yoopsa kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, akalawa madzi kapena mchenga amafa onse pamodzi ngati nkhuku za chitopa.

Zambiri mwa galimoto zimene timazitcha zatsopanozi si zatsopano n'komwe. Ndi makaunjika. Ku Japan galimoto imayesedwa ikakwana zaka zitatu, kenaka pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo mayesowo ndi okwera mtengo, choncho ambiri amaona kuti kuli bwino kuigulitsa. Imakwera sitima ya pamadzi, kutsikira ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, ife n'kuvina. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linanena mu 2020 kuti pakati pa 2015 ndi 2018 maiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndi imene inalandira zochuluka kuposa chigawo china chilichonse. Galimoto zimenezi anazipangira misewu ya ku Osaka, mafuta a ku Osaka ndi magalaja a ku Osaka. Zikafika kuno zimabwera zokha, magalajawo atsala.

Mukufuna umboni? Lizani ina mwa izo mumve. Mumatuluka mawu a mayi wina akuyankhula Chijapani mwaulemu kwambiri. Eni galimoto ena amati akuwapatsa moni, ena amati akuwapempherera ulendo. Mayiyo kawirikawiri amakhala akungodandaula kuti simunalowetse khadi lolipirira misewu ya kwawo. Uthenga wochenjeza ukabwera pa dashibodi, uli m'zilembo zoti ngakhale aphunzitsi a ku koleji ya Domasi kuno sangakuwerengereni. Wailesi yake imathera pa 90, chifukwa ndi pamene mawailesi a FM a ku Japan ankalekezera, choncho masiteshoni ambiri a kwathu simuwamva mpaka mutaikamo kachipangizo kena. Galimoto ikukuuzani poyera kuti sinapangidwire inu, koma inu muli kalikiliki kuseka mwini Datsun. Chikomekome cha nkuyu.

Ndikudziwa zimene mukufuna kunena, ndipo zina n'zoona. Munena kuti ka Mira kapena ka Vitz kamamwa mafuta pang'ono poyerekeza ndi 504. Zoona, ndipo pa mtengo wa mafuta wa masiku ano si nkhani yochepa. Munena kuti zamakono zimalira kamodzi m'mawa wa mu June, pamene zakale zimafuna kuzinyengerera. Zoona. Munena kuti Sienta ndi Probox zathandiza anthu, kuti lero mphunzitsi kapena namwino angathe kugula galimoto, chinthu chimene kale chinali cha mabwana ndi amwenye okha, ndi kuti ma Sienta a matola afika kumene basi ya UTM sinkafika. Zoonanso. Probox ndimaipatsa ulemu, chifukwa ndi imodzi mwa zochepa zimene anazipanga ngati khasu, osati ngati chidole. Munena za utsi wakuda wa malole akale pa chitunda. Sindiukonda nanenso, ndipo mwini galimoto yotero ndi waulesi, chifukwa utsi umenewo ndi mafuta ake omwe akuwataya.

Mfundo yanu yaikulu ndi ya ngozi. Galimoto zakale zinali zitsulo zolimba, koma kulimba kwa chitsulo sikupulumutsa munthu: galimoto imatuluka bwino, mwini wake ali m'bokosi. Zamakono anazipanga kuti ziziphwanyika kutsogolo n'kumeza mphamvu ya kugundako, zili ndi matumba a mpweya, zili ndi mabuleki osakanirira. Lamba wodzimangira wa pachifuwa ndi m'chiuno, amene injiniya wa Volvo, Nils Bohlin, anabweretsa mu 1959, wapulumutsa anthu osawerengeka. Zonsezi ndikuvomera ndi manja awiri. Koma tandiuzeni, kodi chitetezo chimenechi chikugwirizana pati ndi kubisa injini pansi pa pulasitiki? Lamba amafuna kuti nyali ikhale yosasinthika babu? Thumba la mpweya limaletsa kuika tayala la sipeya? Zimenezi n'zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ogulitsa amazimanga mtolo umodzi dala kuti ukadandaula chimodzi akunene kuti ukudana ndi chinzake.

Komanso musamaganize kuti chatsopano chilichonse chobwera ku Africa n'chotetezeka. Mu 2018 bungwe la Global NCAP linagunditsa pa mayeso pikiapu ya Nissan NP300 Hardbody yatsopano, yogulitsidwa ku South Africa, ndipo pa chitetezo cha akuluakulu okwera inapeza nyenyezi ziro. Yatsopano, ya m'sitolo. Ndipo kuno kwathu, matumba a mpweya awiri athandiza ndani mu Sienta ya mipando 7 imene yanyamula anthu 12, awiri atakhala pa mpando wa dalaivala? Chimene chikupha anthu pa M3 kwambiri ndi liwiro, mowa, kudzaza, matayala akutha ndi kupitirira pa kona. Zaka za galimoto zimabwera pambuyo.

Ngakhale kwawo komweko anthu atopa nazo. Ku Massachusetts, ku America, anthu anavota mu 2012 kuti makampani a galimoto azipereka kwa amakaniko wamba nzeru ndi zida zomwezo zimene amapereka ku magalaja awo. Kampani ya BMW inayesa mu 2022 kulipiritsa anthu mwezi ndi mwezi kuti mipando ya m'galimoto zawo zomwe, zogula kale, izitenthera. Anthu anakwiya, ndipo mu 2023 inasiya. Tangoganizani: chipangizo chili m'galimoto yako, koma wina ali kutali akuchitseka ndi kuchitsegula. Bungwe loyesa chitetezo cha galimoto ku Ulaya, Euro NCAP, nalo linalengeza kuti kuyambira 2026 lizichotsera malikisi galimoto zimene zinthu monga hutala, maindiketa ndi zopukutira galasi zilibe mabatani enieni ogwira ndi dzanja, chifukwa dalaivala akamasakasaka pa sikirini maso amachoka pamsewu. Eni ake akubwerera ku mabatani, ife kuno ndiye tikuyamikira sikirini.

Ndipo taonani zimene amagula anthu odziwa misewu yathu, amene ndalama si vuto kwa iwo. Ambulansi za m'maboma, galimoto za mabungwe othandiza pa njala ndi pa madzi osefukira, zambiri ndi Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ikupangidwabe, yamakona ngati bokosi la sopo. Namondwe Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera mu March 2023, sizinali galimoto za mimba yokhudza pansi zimene zinkayesa kufika kumidzi. Akatswiri amenewa akafuna kufika, amasankha kapangidwe kakale. Ife osauka ndiye atigulitse zidole.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Msonkho wa galimoto yolowa m'dziko umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimotoyo: yokalamba imalipira wochuluka. Cholinga ndikuchimvetsa, sitikufuna kuti dziko lathu likhale dzala la maiko ena. Koma muyeso wa zaka wokha ndi wakhungu. Suona ngati galimotoyo ili ndi masipeyala m'dziko muno. Suona ngati alipo angaikonze kunja kwa Blantyre ndi Lilongwe. Zotsatira zake, munthu wa ku Domasi amakankhidwira ku kagalimoto ka injini yaing'ono, ka CVT, kosayenera msewu wa kwawo, chifukwa ndi kamene msonkho wake angaukwanitse. Pakapita zaka zitatu kali pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Yendani m'makwalala a Zomba muwerenge nokha galimoto zogona pa njerwa, muone kuti zambiri n'za zaka ziti. Dzala lija tinkaliopa labwera ndithu, kungoti ndi la galimoto zonyezimira.

Ndiye muikepo nkhani ya ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chilichonse choitanitsa kunja chinalumpha. Galimoto imene imachira ndi kuwotcherera ndi kusula imadya makwacha. Galimoto imene imachira pokhapokha mutasintha bokosi lathunthu losatsegulika imadya madola, amene dziko lilibe, amene akufunikanso pa mankhwala ndi feteleza. Nkhani ya sipanala si ya okonda galimoto okha ayi.

Koma nawonso amakaniko athu ndisawasiye, asaganize kuti ndabwera kudzawaimbira m'manja basi. Ena mwa inu, achimwene, mwasanduka asing'anga. Galimoto yamakono ikabwera simuvomera kuti yakukanikani. Mumayamba kulosera: sinthani mapulagi. Sizinatheke? Sinthani pampu. Sizinathekebe? Ndiye kuti ndi kompyuta. Mwini galimoto akungotulutsa ndalama, matenda ali pa kawaya kamodzi kodyedwa ndi khoswe. Ena kanyali kochenjeza kakavuta mumangokachotsa babu, ati vuto latha. Ena mumachotsa themositati pa galimoto iliyonse poti kuno n'kotentha, osadziwa kuti injini ya kompyuta ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri. Ine ndemwe ndinabwezeredwapo galimoto pa galaja ina, batire yanga yatsopano itasanduka yakale usiku umodzi. Ndipo ogulitsa masipeyala abodza, mabuleki oti sabata ziwiri atha, amenewo ndiye ndi akupha, osati amalonda.

Chowawa n'chakuti khomo lina ndi lotsegula kale, ife osalowapo. Kuchokera mu 1996 galimoto zogulitsidwa ku America zinalamulidwa kukhala ndi kabowo kofanana kolumikizirapo makina oyezera matenda, kotchedwa OBD-II, ndipo maiko ena anatsatira. Pafupifupi galimoto iliyonse yamakono ili nako pansi pa chiwongolero. Kachipangizo kowerengera matenda wamba n'kochepa ngati bokosi la machesi ndipo kamalumikizana ndi foni. Sikaona zonse, zakuya makampani amazitsekabe ndi makina awoawo, ndipo zina za ku Japan zimavuta kuwerenga, koma kamachotsa theka la kulosera kuja. Anyamata ena ku Zomba ndi ku Blantyre aphunzira okha pa YouTube ndipo akudya nazo bwino. Nanga bwanji TEVETA, imene yakhalapo kuyambira 1999, ndi masukulu athu a ntchito zamanja, osatengera maphunziro a magetsi a galimoto kwa amakaniko a pansi pa mtengo, kumene ali, m'Chichewa, madzulo akaweruka? Munthu wa zaka 50 amene wadyetsa ana ndi sipanala simungamuuze kuti akayambe fomu 1. Mupititsireni makinawo pa Songani pomwepo, khutu lake lija lodziwa kulira kwa injini likumane ndi nambala za pa sikirini.

Kwa a msonkho ndikuti: zida zoyezera matenda a galimoto ndi mabuku ake zilowe ulere. Masipeyala enieni a mabuleki, chiwongolero ndi matayala muwapeputsire, abodzawo muwatseke pa chipata. Kwa oitanitsa galimoto ndikuti: musamangotitayira makiyi m'manja. Amene akubweretsa mtundu watsopano wa galimoto abweretsenso masipeyala ake ndi buku lake m'Chingerezi, apo ayi asiye. Kwa a Road Traffic ndi apolisi a pamsewu: yesani mabuleki, yesani nyali, yesani matayala, yesani utsi. Galimoto ikakhoza mayeso amenewa ipite, kaya inabadwa nthawi ya Kamuzu. Ikalephera ichoke, kaya yatsika sitima dzulo. Penti si buleki.

Kwa opanga galimoto, ngati alipo amawerenga Chichewa, pempho langa n'lochepa. Tipatseni malamba, matumba a mpweya ndi injini yosamwa mafuta, sitikukana. Koma muikweze kuchoka pansi, giya ikhale ya dzanja, babu lizisinthika ndi zala, tayala la sipeya likhale lenileni, kachitsulo koyezera oilo kakhalepo, ndipo matenda ake iziwanena m'mawu oti mwini wake amve. Sizosatheka. Toyota inatulutsa pikiapu yotere ku Thailand mu 2023, Hilux Champ, yopanda zokongoletsa, yoti kumbuyo kwake umamangako chimene ukufuna. Akafuna amatha.

Ndipo inu amene mukusunga ndalama kuti muitanitse yanu yoyamba, musanatumize kobiri ku Japan, tengani chithunzi chake mupite nacho kwa makaniko wa kufupi ndi kwanu, osati wa ku Ginnery Corner, koma wa kumene amayi anu amakhala. Mumufunse ngati anaitsegulapo yotere. Mumufunse kuti giyabokosi yake imapezeka kuti, ndipo ndi ndalama zingati. Akayamba kukanda m'mutu, sankhani ina.